Ndimamwa Lachisanu ndi Loweruka lokha, kodi pamenepa pali vuto?

Funso: Ndine bambo wa zaka 38. Mowa ndimamwa Lachisanu ndi Loweruka basi, mabotolo 7 a 330 ml usiku umodzi, nthawi zina kuposerapo. Pochoka pakhomo ndimakhala nditanena kuti ndikamwa atatu, koma macheza akakoma chiwerengero chimakwera. Kuntchito sindinajombepo chifukwa cha mowa, ndipo pakhomo sipasowa kanthu. Chaka chatha ndinakhala mwezi wathunthu osalawa, popanda vuto lililonse. Koma mayi a kunyumba akuti ndili ndi vuto, makamaka poti kawiri chaka chino ndadzuka osakumbukira mmene ndinafikira pakhomo. Kodi malire a kumwa kodziletsa ndi vuto la mowa ali pati?

Yankho: Bambo, malire amene mukufunsawa alipo awiri, ndipo anthu amakonda kuwasokoneza. Oyamba ndi a kuchuluka kwa mowa, mlingo umene ukapitirira thupi limayamba kuwonongeka, kaya womwayo ndi wodekha chotani. Achiwiri ndi a ulamuliro: botolo loyamba likatseguka, amene amanena kuti basi pakwana ndani, inuyo kapena mowawo? Munthu angathe kukhala zaka zambiri atadutsa malire oyamba asanafike pa achiwiri. Kutengera zimene mwalembazi, oyambawo munawadutsa kale, ndipo pa achiwiri mwendo umodzi waoloka. Sindikunena kuti thupi lanu lafika polephera kukhala popanda mowa, m'kalata yanu mulibe chosonyeza zimenezo. Koma mayiwo sakukokomeza.

Tiyambe ndi kuchuluka. Kuwerenga mabotolo kumanamiza, chifukwa mabotolo amasiyana kukula ndi mphamvu. Chimene madokotala amawerenga ndi magalamu a ethanol, chinthu choledzeretsa chimene chili mu mowa wa mtundu uliwonse. Masamu ake ndi osavuta: tengani mamililita a chakumwacho, chulukitsani ndi peresenti yolembedwa pa botolo, gawani ndi 100, kenako chulukitsani ndi 0.79. Botolo la 330 ml la 5 peresenti lili ndi magalamu 13. La 500 ml la mphamvu yomweyo lili ndi pafupifupi 20. Botolo la vinyo la 750 ml la 12 peresenti lili ndi 71, pamene la mowa waukali la 750 ml la 40 peresenti lili ndi magalamu 237, ofanana ndi mabotolo anu aja 18. Toti ya 25 ml ili ndi magalamu 8, koma dzanja lodzithirira lokha kawirikawiri limathira matoti awiri kapena atatu n'kumawerenga imodzi. Mowa wopanda chizindikiro pa botolo ndiye wovutiratu, chifukwa mphamvu yake sidziwika.

Ngati mowa wanu ndi wa 5 peresenti, mabotolo 7 ndi magalamu 91 usiku umodzi, 182 pa mlungu. Mu 2016 akuluakulu a zaumoyo ku United Kingdom analangiza kuti munthu, wamwamuna kaya wamkazi, asapitirire miyezo 14 ya magalamu 8 pa mlungu, kutanthauza magalamu 112, ndipo aimwaze pa masiku atatu kapena kuposerapo. Amenewo ndi mabotolo anu 8 ndi theka mlungu wonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamwa mopyola muyezo akafika magalamu 60 pa nthawi imodzi, ndipo inu mumapitirira pamenepo kawiri mlungu uliwonse. Ku Canada malangizo a 2023 anatsika kwambiri, anati chiopsezo chimakhala chochepa munthu akamamwa zakumwa zosaposa ziwiri pa mlungu. Kusiyana kwa manambalawa kusakusokonezeni. Palibe pamene chiopsezo chimayambira mwadzidzidzi, chimangokwera pang'onopang'ono ndi botolo lililonse, ndipo dziko lililonse limasankha pamene liikepo chizindikiro. Kuyambira 1988 mowa uli m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, ndipo mitundu yake yodziwika lero ndi iyi: ya m'kamwa, ya pakhosi, ya kholingo, ya kummero, ya chiwindi, ya m'matumbo aakulu ndi ya m'mawere. N'chifukwa chake mu 2023 WHO inanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ulibiretu vuto pa thanzi.

Mfundo yoti mumangomwa kumapeto kwa mlungu simakutetezani monga mukuganizira. Kuunjika mowa wa mlungu wonse pa masiku awiri ndi kumene kumabweretsa ngozi za pamsewu, kugwa, ndewu, kugonana mosadziteteza ndi kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima. Chiwindi chimachotsa ethanol pa liwiro losasinthasintha, pafupifupi magalamu 7 mpaka 10 pa ola kwa munthu wamkulu. Chimayamba chamusandutsa acetaldehyde, poizoni amene amawononga maselo, kenako n'kumusandutsa acetate wosavulaza. Khofi, kusamba madzi ozizira ngakhale kugona sizifulumizitsa ntchito imeneyi. Mukamwa mothamanga kuposa liwirolo, mowa wotsalawo umangozungulira m'magazi kudikira nthawi yake. Magalamu 91 amafuna maola 9 mpaka 13. Mukayamba 6 koloko madzulo, magazi amayera pakati pa 3 koloko ndi 7 koloko m'mawa. Tsiku limene mwafika mabotolo 10, mungathe kugwira chiwongolero 9 koloko m'mawa mowa udakali m'magazi, inu mukudzimva kuti muli bwinobwino.

Za kudzuka osakumbukira zija ndi zimene zandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu. Sikuti munaiwala. Usiku umenewo ubongo sunasunge kalikonse. Pali kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus kamene kamatenga zimene zikuchitika panopa n'kuzisunga kuti mawa zidzakumbukike, ndipo mowa ukachuluka m'magazi kachigawoka kamaima kugwira ntchito munthu ali maso. Amayenda, amalankhula, amalipira, amatsutsana ndi anzake, ena amayendetsa ndi galimoto, koma palibe chikulembedwa. Ngakhale anzanu akufotokozereni zonse, sizibwerera, poti sizinasungidwe. Izi zimayamba kuoneka mowa ukafika cha pa 0.16 peresenti m'magazi, kuwirikiza kawiri malire a 0.08 amene mayiko ena amaika kwa oyendetsa galimoto, ndipo zimakonda kuchitika mowa ukakwera mofulumira: kumwa m'mimba muli pululu, kupapira, kuthira matoti pamwamba pa mabotolo. Pachokha si umboni wa uchidakwa. Koma munthu amene akulamulira kamwedwe kake safika pamenepo kawiri m'chaka chimodzi.

Tsopano malire achiwiri. Buku la DSM-5, limene bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linatulutsa mu 2013, lili ndi zizindikiro 11 za vuto la mowa. Zina zimakhudza ulamuliro: kumwa wambiri kapena nthawi yaitali kuposa mmene munakonzera, kufuna kuchepetsa koma n'kulephera, kuthera nthawi yambiri pa kumwa ndi kuchira matsire, ndi chibaba. Zina zimakhudza moyo wa munthu pakati pa anthu: kulephera udindo kuntchito, kusukulu kapena pakhomo, kupitiriza kumwa mowawo ukuyambitsa mikangano, ndi kusiya zinthu zimene munkazikonda. Ziwiri ndi za chiopsezo: kumwa pamene kumwako kungakuvulazeni, monga poyendetsa galimoto, ndi kupitiriza mukudziwa kuti mowa ukukulitsa matenda a thupi kapena a maganizo. Zomaliza ndi za thupi: kufuna mowa wochuluka kuposa kale kuti muumve, ndi kudwala mukasiya. Zizindikiro ziwiri kapena zitatu m'miyezi 12 ndi vuto lochepa, 4 kapena 5 ndi lapakati, 6 kupita m'tsogolo ndi lalikulu.

Onani kuti pa mndandandawu palibe funso loti mumamwa mabotolo angati, kapena loti mumamwa tsiku lililonse. Kujomba kuntchito ndi chimodzi chokha mwa 11, ndipo kawirikawiri ndi chimene chimabwera pomaliza. Anthu amateteza ntchito mpaka mapeto, chifukwa ndi imene imagula mowawo komanso ndi umboni umene amaonetsa aliyense wowadzudzula. Banja, tulo, ndalama ndi kuthamanga kwa magazi zimakhala zitayamba kale kuvutika abwana asanaone kanthu. Mwa zimene mwalemba nokha ndikuwerenga ziwiri zosakayikitsa: mumapita mutakonza atatu n'kumwa 7, ndipo mukupitiriza ngakhale nkhaniyi ikukanganitsani kunyumba. Ngati masiku amene simukumbukira aja munabwera mukuyendetsa, ndi zitatu. Ngati zaka zisanu zapitazo mabotolo anayi ankakukwanirani, ndi zinayi.

Palinso mafunso 10 otchedwa AUDIT amene WHO inakonza m'zaka za m'ma 1980, ndipo amagwiritsidwa ntchito m'zipatala za mayiko ambiri. Funso lililonse lili ndi mapointi 0 mpaka 4, onse pamodzi 40, ndipo muyezo umodzi wa mowa amauwerenga ngati magalamu 10. Tiyese ndi kalata yanu. Kumwa kawiri kapena katatu pa mlungu ndi mapointi 3. Miyezo 7 mpaka 9 pa tsiku lomwa ndi 3. Kufika miyezo 6 pa nthawi imodzi mlungu uliwonse ndi 3. Kulephera kuima mutayamba, mlungu uliwonse, ndi 3. Kusakumbukira za dzulo lake, kosafika kamodzi pa mwezi, ndi 1. Wachibale kudandaula za kamwedwe kanu m'chaka chino ndi 4. Zonse ndi 17, mafunso ena anayi tisanawakhudze. Kuyambira 8 ndi kamwedwe koika moyo pa chiswe, 16 mpaka 19 ndi kamwedwe kamene kayamba kuvulaza, ndipo 20 kupita m'tsogolo dokotala amayamba kufufuza ngati thupi layamba kudalira mowa. Mafunsowa ndi osefera chabe, sagamula matenda, koma 17 si nambala yoinyalanyaza.

Mwezi umene munakhala osalawa uja ukutiuza chinthu chimodzi chabwino: simunadwale mutasiya, choncho pa nthawiyo thupi linali lisanayambe kudalira mowa. Koma sukuyankha funso lanu. Mabuleki a galimoto sayesedwa itaima pabwalo, amayesedwa ikuthamanga. Vuto lanu silili pa kuyamba, lili pa kuima mutayamba, ndipo mwezi wosamwa suyesa zimenezo ngakhale pang'ono. Anthu ambiri a vuto lalikulu la mowa amatha kusiya mwezi, ena miyezi itatu, makamaka akafuna kutsimikizira akazi awo kapena abwana kuti palibe vuto. Mu 1976 madokotala awiri, Griffith Edwards ndi Milton Gross, pofotokoza mmene kudalira mowa kumaonekera, anatchula chizindikiro ichi: munthu akayambiranso atapuma, kamwedwe kakale kamabwerera msangamsanga. Ndiye funso lofunika si lakuti munatha mwezi kapena ayi. Dzifunseni kuti Lachisanu loyamba mweziwo utatha munamwa angati, ndipo panapita milungu ingati musanabwerere pa 7.

Chifukwa chimene atatu amasandukira 7 chimadziwika. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imayeza zotsatira ndi kuletsa zilakolako, ndi imodzi mwa zoyamba kufooka ndi mowa. Lonjezo limapangidwa 5 koloko ndi mutu wabwinobwino, koma woti alisunge ndi mutu wa 9 koloko umene wamwa kale magalamu 39. Izi zimachitikira aliyense nthawi zina. Kusiyana n'kwakuti kwa womwa modziletsa kupitirira kumachitika mwa apo ndi apo, ndipo kukachitika amasintha kachitidwe. Kwa amene wadutsa malire, kupitirira ndiye kamwedwe kake ka masiku onse, ndipo lonjezo la atatu limangokhala mawu otsanzikira pakhomo.

Musanyadirenso kuti muli ndi mutu wolimba. Kusaledzera msanga kumatanthauza kuti ubongo wazolowera, osati kuti thupi latetezeka. Chiwindi, mtima ndi kapamba zimalandira magalamu onse 91, kaya mukuyenda mowongoka kapena mukudzandira. Ndipotu anthu amene mwachibadwa samva mowa msanga ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu chodzagwa m'vutoli, poti thupi siliwachenjeza. Kafukufuku wa mapasa ndi wa ana oleredwa ndi makolo ena amasonyeza kuti pafupifupi theka la chiopsezo cha uchidakwa ndi la kumtundu. Ngati bambo anu, mayi anu kapena abale a bere limodzi anavutikapo ndi mowa, malire anu ali pafupi kuposa a anzanu amene mumakhala nawo pa tebulo. Kwa amayi owerenga, mlingo womwewo umakwera kwambiri m'magazi mwanu kuposa mwa mwamuna wolemera chimodzimodzi, chifukwa thupi la mkazi lili ndi madzi ochepa osungunulira mowawo.

Pali zizindikiro zina zimene munthu amazidziwa yekha. Kutchula nambala yochepa akafunsidwa. Kumwa awiri mwakachetechete asanapite kumene kuli mowa. Kupsa mtima nkhaniyi ikangotchulidwa. Kuyamba kuganizira za Lachisanu kuyambira Lachiwiri. Kumwa kuti tulo tibwere kapena kuti nkhawa itsike, kumene kuli koopsa kuposa kumwa pa macheza, chifukwa mowa umagonetsa msanga koma n'kusokoneza tulo ta m'bandakucha, ndipo ukamatha m'magazi nkhawa imabwerera yokulirapo, munthu n'kufunanso mankhwala omwe aja. Chachikulu pa zonse ndi kuchotsa matsire ndi mowa m'mawa. Amene wayamba zimenezo asadzivutitse n'kufunsa kumene malire ali.

Musanayese chilichonse chimene ndinene pansipa, pali chenjezo limene likukhudza makamaka omwa kwambiri tsiku ndi tsiku. Mowa umafooketsa ubongo, ndipo ubongo umene ukumizidwa mu mowa tsiku lililonse umadziteteza pokweza mphamvu ya mbali yake yotakasa ndi kutsitsa ya mbali yokhazika pansi. Mowa ukachoka mwadzidzidzi, yotakasayo imatsala ikuthamanga yokha. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni botolo lomaliza, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, mtima umathamanga, pamabwera nseru ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba ena amagwa ngati akhunyu. Pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena ochepa amalowa mu delirium tremens: kusokonezeka mutu, kubwebweta, kuona zilubwelubwe, kutentha thupi, ndipo imeneyi imapha ikapanda kuthandizidwa. Choncho amene amanjenjemera m'mawa mpaka atamwa, kapena anagwapo atasiya mowa, asasiye yekha mwadzidzidzi. Apite kuchipatala, kumene amapereka mankhwala monga diazepam kapena chlordiazepoxide kwa masiku angapo mochepetsa pang'onopang'ono, pamodzi ndi thiamine, vitamini B1, woteteza ubongo. Kudzigulira diazepam n'kumamwa pamodzi ndi mowa kungaimitse kupuma.

Inu, poti masiku asanu pa mlungu mumakhala osamwa popanda kudwala, mungathe kudziyesa. Yambani ndi masiku 30 osalawa. Cholinga si kutsimikizira aliyense kanthu, koma kutsitsa kuzolowera kwa ubongo ndi kuona chimene mowa umakuchitirani: Lachisanu madzulo likafika, chikusowa n'chiyani, anzanu, kupuma, kapena kuledzera kwenikweniko? Pezani woyeza kuthamanga kwa magazi poyamba ndi pomaliza, chifukwa kwa omwa kwambiri kumatsika m'milungu yochepa. Mafuta amene amaunjikana m'chiwindi cha omwa kwambiri nawonso amayamba kuchoka munthu akapuma milungu ingapo.

Kenako pakubwera mayeso enieni, a milungu 12. Lembani malire musanayambe, muli bwinobwino, ndipo mayi awaone: mabotolo osaposa atatu pa tsiku, amene ndi magalamu 39, ndi osaposa 8 pa mlungu, amene ndi 104. Tsiku limene simunamwe silisungidwa kuti mudzawonjezere Loweruka. Botolo lililonse lilembedwe m'kabuku kapena pa foni pamene likutsegulidwa, osati mawa lake, chifukwa kuwerenga kwa m'mawa nthawi zonse kumaperewera. Idyani musanayambe. Botolo limodzi litenge ola lathunthu, ndipo pakati pake pakhale tambula ya madzi kapena chakumwa chosaledzeretsa. Tulukani m'dongosolo logulirana, chifukwa pa tebulo la anthu asanu kugulirana kumatanthauza mabotolo asanu pa liwiro la womwa mothamanga kuposa onse. Matoti asalowepo. Nenani nthawi yobwerera musanachoke, tengani ndalama zokwana atatuwo ndi ulendo, ndipo galimoto itsale. Koma musathawe malo amene mumamwera masiku onse, poti kusunga malire muli nokha pakhomo sikuyesa kanthu.

Gwirizananinso pasadakhale tanthauzo la kulephera, apo ayi mudzalimasulira mokomera inu. Langizo langa ndi ili: kupitirira malire koposa kawiri m'milungu 12, kapena kudzuka osakumbukira ngakhale kamodzi, ndiye kuti mayeso alephereka. Njira zozembera zimadziwika, ndipo zimabwera zooneka ngati zanzeru. Wina amasamukira ku botolo la 500 ml n'kumawerengabe atatu, pamene magalamu achoka pa 39 kufika pa 59. Wina amasankha mowa wa 8 peresenti. Wina sawerenga umene wagulidwa ndi mnzake. Wina amapeza kuti mlungu uno ndi wapadera, kuli ukwati, wotsatira kuli mpira, winawo kwabwera mlendo. Wina amangosiya kulemba pa mlungu wachinayi, ndipo kusiya kulembako ndi yankho kale. Onaninso mmene mukumvera. Womwa modziletsa akafika pa botolo lachitatu amanyamuka osaona ngati walandidwa kanthu. Ngati malire mukuwasunga koma mokukuta mano, maso ali pa wotchi, mukubwerera kunyumba mutakwiya, ndiye kuti manambala mwakhoza koma funso lanu layankhidwa mbali inayo.

Mwina mukufunsa ngati munthu amene wadutsa malire angabwererenso pa kumwa pang'ono. Akatswiri akhala akukangana pa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Gulu la anthu othandizana kusiya mowa la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku Akron m'dziko la America, limaphunzitsa kuti chidakwa chisiyiretu. Mu 1962 dokotala D. L. Davies wa pa chipatala cha Maudsley ku London analemba kuti mwa odwala 93 amene anawatsatira, 7 anabwerera pa kumwa bwinobwino. Nkhaniyi inautsa mapiri pachigwa. Koma mu 1985 Griffith Edwards atafufuzanso za anthu 7 omwewo, anapeza kuti asanu anali atavutikanso kwambiri ndi mowa, ena pa nthawi yomwe ankauza dokotala wawo kuti zonse zili bwino. Apa pali phunziro la mmene mawu a womwa pa za kamwedwe kake alili osadalirika, ndipo n'chifukwa chake ndikuumirira kabuku ndi mboni. Kafukufuku wa pambuyo pake anasonyeza kuti nkhaniyi imatengera kukula kwa vuto. Amene vuto lawo ndi lochepa, thupi silinayambe kudalira mowa, ndipo banja ndi ntchito zidakalipo, ambiri amatha kuchepetsa n'kukhazikika. Amene anafika ponjenjemera ndi kuchotsa matsire, kuchepetsa kumawakanika kawirikawiri, ndipo kusiyiratu kumakhala kopepuka kuposa kulimbana ndi botolo lachitatu mlungu uliwonse. Inu mukuoneka kuti muli m'gulu loyamba, n'chifukwa chake ndikuti yesani. Mukalephera, musabwereze mayesowo kachitatu ndi kachinayi mukusintha malamulo.

Kwa anthu ena mayesowa ndi osayenera n'komwe, malire awo ndi kusamwa. Amayi oyembekezera kapena amene akufuna kutenga pathupi. Odwala chiwindi, kuphatikizapo amene ali ndi hepatitis B kapena C. Amene anatupapo kapamba, odwala khunyu, ndi amene anagwapo kapena kusokonezeka mutu atasiya mowa. Amene akumwa mankhwala ogonetsa, opha ululu amphamvu monga tramadol ndi codeine, mankhwala a TB, kapena metronidazole. Amene akaledzera amamenya, ndi amene amaganiza zodzipha, chifukwa mowa umachotsa kamphindi kodziletsa kamene kamapulumutsa munthu.

Mawu a mayi a kunyumba muwatenge ngati umboni, osati mlandu. Iwo amaona maola amene inu simuwakumbukira. Sankhani tsiku la pakati pa mlungu, nonse muli odekha, muwafunse kuti atchule zinthu zenizeni: tsiku liti, munanena chiyani, ana anaona chiyani, ndalama zinayenda bwanji, Lamlungu m'mawa mumakhala munthu wotani. Mvetserani mpaka amalize musanayankhe. Ntchito yowerenga mabotolo ikhale yanu, iwo angoona kabukuko kamodzi pa mlungu, chifukwa mkazi akasanduka wapolisi mwamuna amayamba kubisa, ndipo mayeso amasanduka mpikisano wozembana.

Kaya mayeso ayenda bwanji, kaonaneni ndi dokotala. Pemphani kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi, shuga, ndi magazi a chiwindi, amene pa pepala amalembedwa GGT, AST ndi ALT, komanso kukula kwa maselo ofiira a magazi kolembedwa MCV. Zotsatira zikatuluka zabwino musazitenge ngati chilolezo, poti anthu ambiri omwa mopitirira amakhala ndi zotsatira zabwinobwino, ndipo chiwindi chimatha kuwonongeka kwa zaka osapweteka. Mutchulenso za tulo, nkhawa ndi kukhumudwa ngati zilipo, chifukwa zikasiyidwa zimabweza munthu ku botolo. Ngati kuchepetsa kwakanika, uphungu ndi magulu othandizana zimathandiza, ndipo palinso mankhwala amene ambiri sawadziwa. Naltrexone, piritsi la 50 mg kamodzi pa tsiku, amachepetsa kukoma kumene ubongo umapeza mu mowa, choncho amathandiza makamaka anthu a vuto ngati lanu, lolephera kuima atayamba. Samwedwa pamodzi ndi tramadol, codeine kapena morphine, ndipo chiwindi chimayenera kuyezedwa kaye. Acamprosate, womwa katatu pa tsiku, ndi wa amene asiya kale ndipo akufuna kukhalabe osamwa. Disulfiram amatseka njira yochotsera acetaldehyde, kotero kuti munthu akalawa mowa amasanza, nkhope imatentha ndipo mtima umathamanga. Ameneyu amagwira ntchito bwino pokhapokha pali wina woonetsetsa kuti wamwedwa tsiku lililonse, ndipo si wa odwala mtima. Popita kwa dokotalayo tengani kabuku kanu, ndipo mumuuze manambala enieni ndi kukula kwa mabotolo, chifukwa chithandizo chimene angasankhe chimadalira manambala amenewo.